Ndani wakwera mtengo?

Abale inu tisanamizane, ine zophunzitsa Chichewa pa intaneti ndinaziyamba chifukwa cha njala basi. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 muja aliyense kuno ku Area 25 anangosanduka katswiri wa dola, ndiye mnzanga wina anandipeza ndikuwothera dzuwa nkundiuza kuti aise, ndi digiri yakoyo ukungokhala bwanji pomwe azungu akulipira kuti angodziwa kunena zikomo? Akuti kuli malo ngati italki ndi Preply, umaika chithunzi, kavidiyo kodzifotokoza ndi mtengo wako pa ola, ophunzira nkumasankha okha ngati akusankha tomato pamsika.

Ndinalembetsa pena pake ndili ndi maganizo oti wa Chichewa ndikhala ndekha. Ayi ndithu. Anzanga analipo kale, ena a ku Zambia alemba kuti Chinyanja, onse mano panja, kumbuyo kwawo mashelefu a mabuku mbwee, nkhope zowala ngati owerenga nkhani pa TV. Ine kumbuyo kwanga kuli khoma lomwe pulasitala wake anagamuka nkusiya chinthu chooneka ngati mapu a nyanja ya Chilwa.

Ndiye ndinati apa pofunika kuoneka apamwamba. Ndinatsikira ku Tsoka kukagula jekete ya pa kaunjika, manja ake aatali pang'ono koma pa kamera ndani angaone. Khoma ndinalibisa ndi chitenje cha achemwali, ndinachipanikiza pa chingwe ndi mapegi oyanikira zovala. Mabuku ndinabwereka kwa mwana wa aneba wa Fomu 2, pamwamba nkusanjikapo Baibulo kuti mulu utalike. Nyali inali tochi yomangirira pa chigubu cha malita 20. Vidiyo ya mphindi ziwiri yokha inanditengera tsiku lonse, chifukwa ndikangoti ndiyambe kulankhula tambala wa aneba nayenso amayamba, tambala ameneyu sadziwa nthawi, amalira ngakhale 2 koloko masana. Akatha tambala wabwera wa makala, akatha wa makala ana ayamba phada pawindo penipeni.

Milungu itatu ziii. Bandulo ikungotha poona ngati alipo wandilembera. Ndinatsitsa mtengo kuchoka pa madola 8 kufika pa 5, mwina vuto linali dyera langa.

Kenako tsiku lina foni tii! Mayi wina wa ku Seattle, nesi, akuti akubwera kudzagwira ntchito pachipatala china kuno ndiye akufuna azimvana ndi odwala. Anasankha 9 koloko usiku ya kwawoko. Mwezi wa Juni Seattle imatsalira maola 9 kumbuyo kwathu, ndiye kuno inali 6 koloko m'mawa, ndipo amene amaidziwa Juni ya ku Lilongwe akudziwa zomwe ndikunena. Ndinavala jekete ndi tayi kumtunda, kumunsi kabudula wogonera ndi masokosi awiri osiyana, poti kamera imalekeza pachifuwa.

Zinayamba bhobho. Muli bwanji, ndili bwino kaya inu, ndili bwino zikomo. Nditaona kuti akugwira msanga ndinafuna ndimuonetse kuti sanalakwitse posankha ine, ndiye ndinatulutsa chida changa chachikulu, mawu oti mtengo. Ndinamufotokozera kuti pali mtengo wa mango womwe mwana amakwera, palinso mtengo wa shuga womwe umakwera wokha, kalembedwe nkamodzi koma liwu limakwezedwa mosiyana. Mzungu anasangalala, akulemba mu kope, ine mumtima ndili dola yalowa iyi.

Pamenepo chitseko go go go, opanda ndi odi yemwe.

Alandilodi. Mayi aakulu ndithu, a Mvano, mawu awo amamveka mpaka kumsewu. Ndinali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri ndipo anali atazindikira kuti ndimazemba mbandakucha.

"Aphunzitsi! Nyali ikuyaka ndaiona, lero musanamizire kuti mulibe!"

Ndinadina batani lotseka mawu, kapena kuti ndinkaganiza kuti ndadina. Nkudzuka mothamanga, phewa langa linakola chingwe, chitenje chonse phuu pansi, mapu a Chilwa poyera, kabudula poyera, mulu wa mabuku a Fomu 2 uko. Ndisanafike nkomwe pachitseko mayi alowa kale.

"Miyezi iwiri bambo inu, mukuona ngati ine ndimadya tayi? Ndipo mudziwiretu, kuyambira mwezi wamawa mtengo wakwera!"

Ndiye mu laputopu munatuluka kamawu kaulemu, pang'onopang'ono, ngati mwana wa Sitandade 1 akuwerenga pa bolodi.

"Pepani... ndani wakwera mtengo?"

Mayi anadumpha. "Muli ndi mkazi muno?" Anasuzumira kuseri kwa chitseko, anawerama mpaka kunsi kwa bedi, ine ndikungoloza pa tebulo pakamwa pauma gwaa. Atamuona mzungu pa sikirini akugwedeza dzanja nkunena kuti muli bwanji amayi, abale, sindinaonepo munthu akusintha nkhope mwachangu chonchija. Anakonza duku, kukoka mpando wanga nkukhalapo.

"Ndili bwino mwanawanga. Koma m'mawa ngati uno timati mwadzuka bwanji. Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Mzungu nkuloza ine.

Mphindi zotsalazo kalasi inali yawo. Atamva kuti ndi nesi anati ndiye usiye za mitengozo, wodwala sabwera kuchipatala kudzakamba za mango. Anamuphunzitsa kufunsa kuti mukumva kuwawa pati, mwayamba liti, mwana akuyamwa? Anamuuza kuti agogo akati m'mimba mukundipotokola kapena thupi likuphwanya asamayang'ane mu dikishonale, ndipo akuchita kuonetsa, agwira pamimba akubuula ngati zenizeni. Anamuchenjezanso kuti munthu wamkulu sitimuti iwe, olo akhale wodwala wosauka bwanji, ndi inu basi. Ine mwini kalasi ndaima pambali ndi kabudula wanga, ndanyamula tochi kuti nkhope yawo iziwala bwino, chifukwa anandiuza kuti ndikuwaunikira m'maso.

Nthawi itatha ndinangoti basi geni yafera pomwepa. Madzulo ndikupeza wandipatsa nyenyezi zisanu, walemba kuti aka nkoyamba kumva Chichewa chenicheni cha pakhomo, ndipo agogo a mphunzitsiyu ndi odabwitsa. Agogo anga eti! Za jekete ija sanatchuleko olo liwu limodzi, ndalama zanga zinangopita.

Mwezi usanathe ndinali ndi ophunzira ena anayi, ndipo aliyense funso loyamba ndi loti agogo akhalapo? Wina wa ku Glasgow anaimitsa kalasi sabata yomwe mayi anapita ku maliro ku Mitundu, akuti adikira abwere. Nditachotsa chitenje chija wina anafunsa ngati tambala akumvekayo ndi wanga, ndinati eya, pano naye amatchulidwa dzina mu kalasi.

Lendi anakwezabe, musaganize kuti anandimvera chisoni. Pamwamba pake pa madola 5 aliwonse awiri ndi awo, osawerengera zomwe eni malo a pa intaneti aja amadula kaye, ndipo mayi amalemba makalasi onse kuseri kwa buku lawo la nyimbo moti sungawabere. Dzulo andipeza ndikuchapa jekete ija.

"Aphunzitsi, chithunzi chili pa intanetipo ndi chanu chokha eti? Ndapangitsa tsitsi, mubwere ndi foni ija isanakwane 4 koloko. Mubweretsenso pasiwedi, mdzukulu wanga akuti zimenezi atha kumandiyatsira yekha."