Zikomo nonse, makamaka bambo osoka nsapato a pa boma

Abale ndi alongo, za matenda a bambo athu ku Chamama mukuzidziwa kale, sitizibwereza. Sitiroko inawagwira mbali ya kumanja, zala zinapinda, phazi likumakoka pansi. Lero tabwera kudzathokoza, chifukwa tsopano akuvala okha nsapato zawo za zingwe ndi dzanja lamanzere lokha, popanda mwana kugwada kuti awamangire. Ambuye alemekezeke. Tatopa, m'thumba mwauma, koma mitima yathu yadzaza.

Zikomo kwa anamwino ndi madokotala a pa chipatala cha boma cha Kasungu, ndi a fiziyo, ophunzitsa odwala zolimbitsa thupi, amene anawaimiritsa. Zikomo kwa amene anawapangira pulasitiki yogwira phazi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Amayi a Chigwirizano, ufa ndi nkhuni zija Mulungu akubwezereni. Anyamata a kabaza amene munkayenda nawo pang'onopang'ono m'mabampu osawonjeza mtengo, zikomo.

Koma amene sititha kuwathokoza mokwanira ndi bambo osoka nsapato a pa boma. Dzina sitilemba poti sanatilole. Tilemba zimene anachita mwatsatanetsatane, popeza ambiri mwa inu muli ndi odwala sitiroko kapena nyamakazi m'nyumba ndipo mwakhala mukufunsa.

Kumanga chingwe cha nsapato kumafuna manja awiri, lina kugwira khwekhwe ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, lina kuzunguliza ndi kukoka. Dzanja limodzi likafooka zimenezi sizitheka. Ambiri amathamangira kupatsa wodwala masilipasi, ndipo apa ndi pamene anthu amagwera. Silipasi siligwira chidendene, phazi lokoka pansi limalisiya m'mbuyo kapena kulipinda, komanso pulasitiki ija imafuna nsapato yotseka kuti igwire ntchito. Nsapato ya zingwe ndi yabwino chifukwa imatseguka kwambiri pakamwa ndipo imagwira phazi lonse. Chofunika kusintha ndi kamangidwe kokha.

Bambo mmisiri anakana kugwira ntchito pa nsapato yopanda mwini wake. Anati wodwalayo abwere yekha, abwere masana, atavala sokosi ndi pulasitiki yake. Phazi lofooka limatupa dzuwa likamapendeka, ndiye ukayeza m'mawa nsapato imadzakhala yothina madzulo. Anachotsa kachiponda ka mkati mwa nsapato ya kumanja kuti pulasitiki ipeze malo. Kenako ananena chinthu chimene chinakonza zonse, chakuti nsapato ziwirizi zisamangidwe mofanana, pakuti mapazi ake sakufanana.

Ku nsapato ya kumanzere, ya phazi labwino, anaika lasitiki yozungulira ya mamilimita 3, ija imakhala m'munsi mwa majekete a pa kaunjika. Lasitiki yophwatalala ya m'chiuno mwa kabudula anaikana, akuti imapotoka m'mabowo n'kumaluma pamwamba pa phazi. Anailowetsa m'mabowo mopingasa ngati chingwe wamba, phazi lili momwemo, nsonga ziwiri n'kuzidutsitsa mu kabatani ka sipuling'i kochokera pa jekete lomwelo. Kabwino ndi ka mabowo awiri, chifukwa ka bowo limodzi kamaterereka lasitiki ikayamba kutha. Anasiya mchira wa masentimita 8, anamanga mfundo, n'kuwaula nsonga ndi machesi kuti zisayoyoke. Pa mfundopo anakolowekapo kamphete ka makiyi kuti chala chizingolowa n'kukoka, osafunika kutsina. Kabataniko kamakhazikitsidwa kamodzi basi. Tsiku ndi tsiku lasitiki imatamuka yokha phazi likamalowa, n'kubwerera.

Ku nsapato ya kumanja ndi kumene tinaona luso lawo. Phazi lokhala mu pulasitiki silipinda pa kakolo, choncho silingalowe mu nsapato yomwe lasitiki yaigwira mpaka pamwamba. Anasiya lasitiki m'mabowo awiri okha a m'munsi mbali iliyonse, a pamwamba n'kuwasiya opanda kanthu kuti pakamwa pazitseguka mpaka pansi. Pamwambapo anasokerapo lamba wa chikwama chakale, masentimita 2.5 m'lifupi ndi 22 m'litali, wokhala ndi Velcro, zomata zija. Tsinde la lambayo analisokera mbali ya mkati mwa phazi, kamphete kachitsulo kooneka ngati D anakasokera mbali ya kunja. Lamba amadutsa pamwamba pa phazi, kulowa mu kamphete, n'kubwereranso mkati. Izi zikutanthauza kuti pomanga, bambo amakokera kumene kuli dzanja lawo lamanzere. Akanasoka mozondoka, akanamafunika kufikira kunja kwa phazi lamanja ndi dzanja lamanzere, thupi n'kupendekera ku mbali yofooka, ndipo munthu akhoza kugwa pa mpando. Palibe amene anawauza zimenezi. Anangowayang'anitsitsa bambo akuwerama, n'kuona okha.

Nsonga ya lamba anaipinda kawiri n'kuisoka kuti ikhale yonenepa, isamatuluke mu kamphete, chifukwa kuibwezeramo ndi dzanja limodzi ndi ntchito yoliza munthu. Mbali yokanda ya Velcro anaiika kachidutswa kochepa ku nsonga, yofewa n'kuiyala motalika, kuti phazi likatupa kapena likaphwa lamba azimatabe, ndiponso kuti yokandayo isamadye sokosi. Posoka anagwiritsa ntchito ulusi wa nayiloni, msoko wa ngodya zinayi wokhala ndi mtanda pakati. Guluu yekha anati ayi, mvula ikayamba amamatuka. Ndipo anasankha lamba wakuda wofanana ndi chikopa, kuti nsapato ikhalebe ya ku tchalitchi, munthu wamkulu asaoneke ngati wavala za mwana wa ku mkaka. Bambo mmisiri, ulemu umene munawasungira bambo athu pamenepa sitidzauiwala.

Lilime la nsapato limakonda kulowa mkati phazi likamakankha, ndiye analisokera mbali imodzi kuti lizikhala pamalo. Kumbuyo kwa nsapato zonse ziwiri anasokerako kakhwekhwe ka lamba kolowa zala ziwiri. Pomaliza anadula paipi ya pulasitiki ya madzi masentimita 50, anaing'amba m'litali, anasalaza m'mbali ndi sandipepa, ikhale supuni yaitali yolowetsera chidendene popanda kuwerama kwambiri. Popanda supuniyi chidendene chimaponda kumbuyo kwa nsapato, kukaphwanyika nsapatoyo sigwiranso.

Povala, a fiziyo anatiphunzitsa kuti wodwala akhale pa mpando wolimba wosagwedera, osati pa mphasa kapena pa matiresi ofewa, ndipo ayambe ndi phazi lofooka. Sokosi ikhale yaitali kuposa pulasitiki ndipo isakhale ndi makwinya.

Chonde mvetserani apa inu amene mukufuna kukopera. Phazi la sitiroko nthawi zambiri limachita dzanzi, ndiye wodwala sangakuuzeni kuti nsapato ikumuluma. Kwa odwala shuga ngoziyi ndi yaikulu koposa, pakuti kabala kakang'ono kamachedwa kupola ndipo kakhoza kukula. Mukamanga, chala chimodzi chizitha kulowa pansi pa lamba kapena lasitiki. Tsiku loyamba avale kwa theka la ola, muvule, muyang'ane khungu pamwamba pa phazi, pa kakolo ndi pa chidendene. Chidindo chimene sichikufufutika pakapita mphindi 30 ndiye kuti pathina, masulani ndipo muwaonetse a fiziyo. Kukhwefula kwambiri nakonso n'koipa. Chidendene chikamatuluka poyenda, munthu amapinda zala kuti agwire nsapato, mayendedwe amasokonekera, ndipo amapunthwa pa chilichonse.

Za kasamalidwe anatiuza mosabisa. Velcro imatola fumbi, udzu ndi chisoso, ikadzaza imaleka kumata. Paja George de Mestral wa ku Switzerland anapeza nzeru ya Velcro mu 1941 poona njere zomata pa ubweya wa galu wake, ndiye n'zosadabwitsa kuti chisoso cha m'tinjira ta ku Chamama chimaikonda. Mswachi wakale kapena chipeso chamano ang'onoang'ono chimachotsa. Pochapa, imateni kaye. Lasitiki siyanikidwa pa moto kapena pa dzuwa la mwezi wa Okutobala, imauma n'kuduka mkati. Sipuling'i ya kabatani imachita dzimbiri nthawi ya dzinja, ndiye sungani kena kapadera. Mphira ya chubu cha njinga, imene ena amaidula kuti ilowe m'malo mwa lasitiki, imakoka mwamphamvu kwambiri ndipo imang'aluka mosachenjeza.

Tikudziwa kuti kunja ziliko zopangidwa kale. Kuli maginito a Zubits amene amalowetsedwa m'zingwe n'kumangolumikizana okha, kuli kagudumu ka BOA kopotokola kamene kamakoka kawaya, kuli nsapato za Nike FlyEase zimene zinatuluka mu 2015 mnyamata wolumala dzina lake Matthew Walzer atalembera kampaniyo kalata mu 2012. Ndi zabwino, koma zimagulidwa ndi madola, ndipo kawaya kakaduka kuno palibe wokonza. Achibale ena a ku Joni analonjeza pa gulu la WhatsApp kuti atumiza zoterezi sabata yomweyo. Mpaka lero foni zawo zimangoitana. Enanso a pafupi pompano, amene ankadya nawo ndalama za fodya bambo ali ndi mphamvu, njira ya ku Chamama inawasokonekera. Sitikusunga mangawa, koma taona.

Bambo mmisiri analandira ndalama ya ulusi ndi Velcro yokha, ya ntchito anakana. Nsapato itayamba kuluma pa kakolo phazi litatupa, anasiya makasitomala ali pa mzere, anasuntha kamphete pang'ono, anasokanso, osadandaula. Anawaitana bambo athu kuti achimwene, anawalola kuyesa okha mobwerezabwereza osawalanda nsapato m'manja, ngakhale zimachedwa. Inu a ku Santhe, ku Nkhamenya ndi ku Chinkhoma amene munafunsa, mmisiri aliyense wodziwa kusoka lamba akhoza kuchita zimenezi mukamuonetsa zalembedwazi. Ngati dzanja lofooka ndi lamanzere, lamba apite pa nsapato ya kumanzere, tsinde likhalebe mkati mwa phazi ndipo kamphete kunja.

Bambo mmisiri, Mulungu adalitse manja anuwo, maso anu asachite chidima, ana anu asagone ndi njala. Nonse amene mumapemphera nafe musaleke, zala za dzanja lamanja zayamba kugwedezeka pang'ono ndipo a fiziyo akuti tipitirize zolimbitsa thupi tsiku lililonse.