Tinabwerera patatsala mamita 150 kuti tifike pansonga

Lero ndi tsiku lachisanu chitsikireni m'phiri, ndipo m'mawa uno ndi pamene ndatha kutsika masitepe osagwira khoma. Kwa miyezi inayi ndakhala ndikulemba za kukonzekera ulendowu, choncho ndilembenso mmene unayendera ndisanayambe kuiwala.

Kwa amene mwayamba kuwerenga posachedwa: tinalipo anthu anayi, tonse tinaphunzira limodzi ku sekondale, ndipo kukwera phiri pamodzi tinalekeza zaka 19 zapitazo. Ine ndinayambiranso zokwera mapiri zaka zitatu zapitazi, ndiye ntchito yokonza ulendo inagwera ine. Katatu pa sabata ndinkakwera masitepe a nyumba yansanjika nditabereka chikwama, poyamba cha makilogalamu 8, kenako 12, mwezi womaliza 14. Loweruka lililonse ndinkayenda makilomita 15. Ndondomeko yomweyo ndinawatumiziranso anzangawo. Mmodzi anaitsatira bwinobwino, awiriwo ntchito ndi za pakhomo zinawapanikiza, anangoyeserako mwa apo ndi apo.

Nthawi ndinaiwerengera pogwiritsa ntchito lamulo la Naismith. William Naismith anali katswiri wokwera mapiri wa ku Scotland, ndipo m'chaka cha 1892 anapereka kawerengedwe kamene anthu akugwiritsabe ntchito mpaka lero: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Tsiku loyamba tinali ndi makilomita 11, kuchokera pa mamita 900 kukafika pa mamita 2,100 pomwe tinkakamanga matenti. Papepala zinatuluka maola anayi ndi mphindi zochepa. Ndinawonjezerapo ola limodzi la kupuma n'kuwauza anzanga kuti pofika 12 koloko tidzakhala titafika.

Tinayenda maola asanu ndi anayi ndi theka.

Vuto linayamba kuoneka tisananyamuke n'komwe. Ndinatenga kasikelo kolendewetsa n'kuyeza zikwama zonse. Ambiri amalangiza kuti katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lako, ndipo changa chinali makilogalamu 14. Cha mnzanga amene tinkakhala naye desiki imodzi kusukulu chinali 21. Titachikhuthula tinapezamo mabuluku atatu a jinzi, kampando kopinda, chitochi chachikulu ndi madzi malita asanu. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo mapu ankaonetsa kuti njira ikuwoloka mitsinje katatu. Tinachotsamo makilogalamu anayi. Ndikanayenera kuumirira kuti tichotsenso ena, koma ndinachita manyazi kulamulira munthu wamkulu mnzanga pa katundu wake.

Maola awiri oyamba anali okoma, tikuseka, tikukumbutsana za kale. Nkhalango itatha chitunda chinaima, ndipo nkhani zinatha zokha. Ine ndinali patsogolo. Ndikayenda mphindi khumi ndinkaima pamwala kudikira, ndikaona kuti womaliza wafika ndinkanyamuka. Ndinachita zimenezi mwina maulendo asanu ndi atatu, ndikudziona ngati mtsogoleri wosamala anthu ake.

Cha pa mamita 1,700 mnzanga wa desiki uja anakhala pansi osanena kanthu. Anamasula nsapato yakumanja pang'onopang'ono, n'kuvula sokosi. Kuchidendene kunali thuza lalikulu ngati chitsekerero cha botolo, litaphulika kale, khungu likulendewera ndipo sokosi itanyowa ndi madzi osakanikirana ndi magazi. Nsapatozo zinali zatsopano, anazigula sabata yomweyo.

"Amwene, bwanji simunanene?"

"Ndimaopa kukuchedwetsani," anatero akupuma mwabefu. Kenako anandiyang'ana. "Komanso inu mumapuma, ine sindinapumepo. Ndikangofika, inu mwanyamuka."

Mawu amenewa anandilasa chifukwa anali oona. Pa kuima kulikonse, ine amene ndinali ndi mphamvu ndinkapuma mphindi zisanu, iye amene anatopa kwambiri sankapeza ngakhale mphindi imodzi. Zaka zitatu ndakhala ndikukwera ndekha kapena ndi anthu a liwiro langa, ndipo ichi sindinachiganizepo. Tinatsuka balalo ndi madzi oyera, tinamatapo pulasitala, tinagawana tenti ndi mbaula zomwe ananyamula, kenako tinamuika iye patsogolo. Kuyambira pamenepo liwiro la gulu linali lake. Tinkayenda mphindi 25, kupuma 5, tonse pamodzi. Naismith ankawerengera munthu wamphamvu, woyenda m'njira yabwino, osaima. Ine ndinatenga masamu ake n'kuwasenzetsa anthu anayi a zaka zoposa 40 obereka katundu wa masiku atatu.

Tinafika pogona cha m'ma 4 koloko madzulo. Malo tinasankha patali ndithu ndi mtsinje, masitepe pafupifupi 70, kuti tisaipitse madzi komanso chifukwa mpweya wozizira usiku umatsikira m'makwawa. Dothi linali lochepa, pansi pake thanthwe, moti zikhomo za tenti zinkangolowa chala chimodzi n'kupindika. Tinamangirira zingwe ku miyala ikuluikulu, ndipo zinagwira bwino kuposa mmene zikhomo zikanagwirira.

Dzuwa litangobisala kuseri kwa phiri, kuzizira kunatigwera nthawi yomweyo. Ukamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse, choncho pamene tinali panali pozizira ndi madigiri 8 kuyerekeza ndi pomwe tinayambira, usiku usanawonjezere zake. Awiri mwa anzanga anali atavala malaya a thonje onyowa ndi thukuta. Thonje limasunga madzi, ndipo likanyowa limakuba kutentha kwa thupi m'malo mokufunditsa. Mmodzi anayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana. Apa sindinachitenso manyazi: ndinamuuza kuti avule, avale zouma, chipewa kumutu, alowe m'thumba logonamo. Thupi likazizira kufika pansi pa madigiri 35 munthu amayamba kusokonezeka maganizo, ndipo zoterezi zimachitika ngakhale kulibe chisanu choundana. Kunyowa, mphepo ndi kutopa n'zokwanira.

Madzi pa mamita 2,100 amawira pa madigiri 93, osati 100, chifukwa mpweya sukupanikiza kwambiri ngati m'munsi. N'chifukwa chake chophika chilichonse chimachedwa kupsa ndipo gasi amatha msanga. Madzi akumwa a mumtsinje tinkawawiritsa mphindi zitatu zathunthu. Ndinanyamula timabotolo tiwiri ta gasi ndipo tinabwerera ndi kochepa kwambiri. Ulendo wina ndidzanyamula titatu.

Usiku umenewo tinakhala panja titafunda, makapu a madzi otentha ali m'manja. Nyenyezi zinali pafupi ngati ungazithyole. Tinayamba ndi nkhani zakusukulu, kenako kunakhala zii. Ndi pamene mnzanga wa desiki anatiuza kuti chaka chatha anagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri chifukwa cha BP, ndipo pano amamwa mankhwala tsiku lililonse. Palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa. Timalankhulana pa WhatsApp pafupifupi sabata iliyonse, koma timangotumizirana zoseketsa ndi zithunzi za ana.

"Dokotala munamufunsa za ulendowu?" anafunsa wamtali pa tonsefe.

"Ndinafunsa. Anati ndipite, koma ndisadzikakamize."

Mumtima ndinakwiya kuti sanandiuze pamene ndinkakonza ulendo, chifukwa ndikanasankha njira ina. Koma ndinamvanso chisoni kuti munthu amene ndinakhala naye desiki imodzi zaka zinayi anagona m'chipatala ine osadziwa. Tisanalowe m'matenti tinapangana chinthu chimodzi, aliyense n'kuvomera ndi pakamwa pake: mawa ikakwana 12 koloko, kaya tili pati, tibwerera.

Za tulo ndingonena kuti kamatiresi kopyapyala kaja n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Nthaka imakoka kutentha kwa thupi, ndipo thumba logonamo ukaligonera mbali ya pansiyo imaphwatalala n'kusiya kufunditsa. Mnzathu amene anasiya kake pofuna kupeputsa katundu anagona pa zikwama ndi zingwe, ndipo kunamuchera ali maso. M'mawa denga la tenti yathu linali likudontha mkati. Sinali mvula, unali mpweya wathu womwe, chifukwa tinatseka timawindo tonse poopa kuzizira.

Tsiku lachiwiri tinanyamuka 6 koloko ndi tizikwama tating'ono, matenti titawasiya. Nsonga inali pa mamita 2,900, makilomita 6 kuchokera pogona. Njira yeniyeni inatha msanga, kutsala timilu ta miyala tomwe okwera ena anaunjika ngati zizindikiro. M'malo ena tinkakwawa pathanthwe ndi manja ndi mawondo. Titadutsa mamita 2,500, awiri anayamba kudandaula mutu. Apa m'pamene matenda a pamalo okwera amayambira kwa anthu ambiri, chifukwa pa mamita 3,000 mpweya umapanikiza ndi mphamvu ya magawo 7 okha mwa magawo 10 a mmene umachitira m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndiye kupuma kulikonse kumalowetsa okosijeni wochepa. Mutu sunali waukulu, panalibe wosanza kapena wodzandira, choncho tinapitirira mwapang'onopang'ono, ndikumufunsa mnzanga wa desiki mmene akumvera pa kuima kulikonse.

Cha m'ma 11 koloko chifunga chinakwera kuchokera kuchigwa. Ndinachiona chikubwera ngati utsi, ndipo mphindi khumi zisanathe sitinkaonanso mulu wa miyala wotsatira. Kenako kunang'anima. Ndinawerenga masekondi mpaka bingu litamveka: 15. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye mphezi inali makilomita 5 kuchokera pomwe tinali. Kung'anima kwachiwiri ndinawerenga 9. Wotchi yanga inkaonetsa mamita 2,750, nthawi 11:40.

"Aise, patsala pang'ono," anatero wamtali uja. "Theka la ola basi. Tabwera kutali."

"Theka la ola limenelo ndi la kunja kuli bwino. Ndipo tinapangana 12 koloko."

"Sinakwane!"

Ndisaname, inenso ndinkafuna kupitirira. Miyezi inayi ya masitepe inali m'miyendo mwanga ndipo ndinali ndisanatope. Koma pansonga ndi pamalo oipitsitsa kukhalapo kukamachita mphezi, ndipo thanthwe lomwe tinakwera lili louma tinkayenera kudzalitsika litanyowa. Ndinayang'ana mnzanga wa desiki. Sanalankhule, koma ndinadziwa kuti tikanati tiyeni akanatitsatira, monga anachitira dzulo lake ndi thuza lija. Ndinati tibwerere. Wamtali anamenya mwala ndi ndodo yake, anakhala chete kanthawi, kenako anali woyamba kutembenuka.

Potsika kampasi inatithandiza kwambiri. M'chifunga mbali zonse zimafanana, ndipo kawiri konse thupi linkandiuza kuti njira ili kumanzere pomwe singano inkaloza kwina. Ndinakhulupirira singano. Tinkayenda moti aliyense aziona mnzake wa patsogolo, ndipo tikasowa mulu wa miyala atatu ankaima pa mulu womaliza, mmodzi n'kumafufuza mozungulira akuitana. Mvula inatipeza pathanthwe lalikulu lija. Tinatsika chokhala, mmodzimmodzi, tikupatsirana zikwama. Tinafika kumatenti 4 koloko titanyowa, koma tonse anayi tili bwino. Madzulo ake wamtali anandipatsa kapu yake ya madzi otentha ndisanapemphe, ndipo za pansonga sitinazitchulenso.

Tsiku lachitatu ndi limene linaulula pamene kukonzekera kwanga kunaperewera. Miyezi inayi yonse ndinkakwera masitepe n'kutsika pa chikepe, poganiza kuti ntchito ili pokwera. Potsika minofu ya m'ntchafu imagwira ntchito ngati mabuleki, imatalika itasenza thupi ndi katundu, ndipo kagwiridwe kameneka n'kamene kamaivulaza kwambiri. Titatsika mamita 700 mwa 1,200 aja, ntchafu zanga zinayamba kunjenjemera ndikaponda, bondo lakumanzere likubaya kunja kwake. Ndinabwereka ndodo imodzi ndipo ndinaona kusiyana nthawi yomweyo. Ululu weniweni unadza pambuyo, monga umachitira, tsiku lachiwiri ndi lachitatu nditafika kunyumba. Mnzanga wa desiki, ndi chidendene chake chomatidwa pulasitala, anatsika bwino kuposa ine, chifukwa kuyambira pamwamba ankaponda masitepe aafupi osathamanga.

Ndondomeko yanga ndaisintha. Kuyambira Loweruka likubwerali ndizitsika masitepe ndi miyendo, kuyamba ndi makilogalamu 8 mpaka bondo litakhazikika. Ndigula ndodo ziwiri zanga. Pa masamu a Naismith, ndikamayenda ndi gulu lobereka katundu ndiziwirikiza kawiri. Ndipo ndisanasankhe njira ndizimuimbira foni aliyense payekha, osati pagulu, kumufunsa za thupi lake ndi mankhwala amene akumwa.

Dzulo mnzanga wa desiki watumiza chithunzi cha nsapato zija atazivala kuntchito kuti zifewe. Bala lauma. Wafunsa ngati angayambe nane masitepe Loweruka, ndipo ndamuuza kuti abwere 6 koloko ndi chikwama cha makilogalamu 5.