Khoma la kuchipinda kwathu linkachita thukuta

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi bulauzi yanga ya Mvano. Ndinaichapa bwinobwino, kuisita, n'kuipachika mu wodiropu kumayambiriro kwa Okutobala 2022. Pofika mu Disembala, nditaitulutsa kuti ndivale pa mwambo wina wa amayi, ndinapeza kumsana konse kuli timadontho takuda ngati wina wawazapo tsabola. Nsapato za bambo a kwathu zimene zinali pansi pake zinali zitamera ubweya wobiriwira. Fungo lake ndi lija mumalimva mukatsegula thumba la chimanga chimene chinakololedwa chisanaume. Chuku.

Tinakankha wodiropuyo. Kuseri kwake khoma linali lakuda bii kuchokera pansi mpaka m'chiuno mwanga, ndipo pepala lokongoletsa khoma linangosendeka lokha nditaligwira.

Tikukhala ku Oldham, kufupi ndi Manchester, m'nyumba zija zanjerwa zofiira zolumikizana mzere umodzi, zimene anamangira anthu ogwira ntchito m'mafakitale a thonje zaka zoposa 100 zapitazo. Yathu ndi ya kumapeto kwa mzere. Pogula tinkati tachita mwayi chifukwa woyandikana naye ndi mmodzi yekha. Sitinaganize kuti kukhala kumapeto kukutanthauza kuti khoma lathunthu laima palokha, mvula ndi mphepo zikulimenya chaka chonse.

Ndiyambe ndavomera kuti ndinabisa. Ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankati tikakolopa amabwera kudzayendetsa chala pansi pa mpando. Kwathu nyumba ikamanunkha chinyontho funso limapita kwa mkazi wa pakhomopo, osati kwa amene anaumba njerwa. Ndiye ndinagula jiki, n'kupukuta usiku ana atagona, n'kupakapo penti. Patatha milungu itatu kunabwereranso, pamalo omwewo, mpaka kuwonjezera pakona ya siling'i. Ndinasiya kulola alendo kukwera m'mwamba. Anzanga akabwera ankangothera pabalaza, majekete awo ndinkawalandira ndekha.

Nyengo imeneyo ndi imene mitengo ya gasi ndi magetsi inakwera mochititsa mantha kuno, ndipo Disembala wake kunazizira koopsa. Hita tinkayatsa ola limodzi m'mawa, ola limodzi madzulo. Mawindo tinkatseka ndithu, ndipo timabowo tina timene tinkalowetsa mphepo tinatsekapo ndi nsanza. Zovala zinkayanikidwa m'chipinda, chifukwa panja ungayanike chiyani dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane? Mvula ikakuona litsiro sikata: mwana wathu wamng'ono anayamba kutsokomola usiku, chifuwa chija cholira ngati mluzu.

Kuyambira mu Novembala 2022 nkhani ya Awaab Ishak inali paliponse. Anali mwana wa zaka 2 wa ku Rochdale, tauni yoyandikana ndi ifeyo, amene anamwalira mu Disembala 2020. Kafukufuku wa imfa yake anapeza kuti anafa chifukwa chopuma chuku kwa nthawi yaitali m'nyumba imene banja lake linkachita lendi. Makolo ake, ochokera ku Sudan, anadandaula kwa zaka, ndipo poyamba anangouzidwa kuti apakepo penti. Eni nyumba ankaganiza kuti vuto ndi kakhalidwe ka banjalo. Ndinawerenga nkhaniyo ndili pa shifiti ya usiku, chitini cha penti chili kunyumba pansi pa masitepe. Ine ndemwe, namwino wathunthu wodziwa za mapapo, ndinkachita chomwecho m'chipinda chimene mwana wanga ankabwera kudzagona akalota zoopsa.

Woyamba kubwera kudzaona vutoli anali wa kampani ina yolengeza kuti amayendera nyumba kwaulere. Anakhala mphindi zosakwana 20. Anali ndi kachipangizo ka mano awiri, n'kumabaya khoma apa ndi apo, kakulira, nyali yofiira ikuyaka. Anagwedeza mutu ngati dokotala woona matenda osachiritsika, n'kunena kuti chinyontho chikukwera kuchokera m'nthaka. Mankhwala ake: kugumula pulasitala yense wa pansi mpaka mita imodzi, kuboola njerwa, kupoperamo mankhwala, kumatanso. Mtengo wake unapitirira mapaundi 3,000. Bambo a kwathu anali atayamba kale kuwerengera mashifiti owonjezera.

Chimene chinandiimitsa ndi funso lopepuka limene linandibwerera ndikutsuka mbale. Chuku chathu chinali kuchipinda cham'mwamba. Madzi a m'nthaka angadumphe balaza lonse n'kukatulukira kuseri kwa wodiropu? Ndipo munthuyo m'mwambamo anangosuzumira, panja sanazungulire n'komwe.

Mnzanga wina wa kuntchito ndiye anandiuza kuti ndifune munthu woyendera nyumba amene sagulitsa kanthu, amene umamulipira chifukwa cha maso ake ndi lipoti lake basi. Ndinaona ngati kutaya ndalama. Kulipira mapaundi 300 kuti munthu adzangoyang'ana? Koma tinatero.

Anabwera bambo wachikulire, wa tsitsi laimvi, ndi makwerero pamwamba pa galimoto. Sanalowe m'nyumba. Anayamba waima tsidya lina la msewu, manja m'thumba, kuyang'ana denga pafupifupi mphindi 10, mpaka ndinayamba kudandaula ndalama zanga. Kenako anandikodola.

"Mayi, taonani mzere wobiriwira uwo ukutsika pakhoma. Wayambira pati?"

Unayambira pamene ngalande ya m'mphepete mwa denga imalumikizana ndi paipi yotsitsa madzi. Atakwera anatsitsa matope odzaza manja awiri, ndere, masamba owola, ndi kamtengo kakang'ono kamene kanali katamera mmenemo. Mvula iliyonse madzi ankasefukira n'kumatsetsereka pakhoma, ndendende kuseri kwa pamene panali wodiropu.

Ndiye anandifotokozera za khoma, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Nyumba zatsopano kuno zimakhala ndi makoma awiri, lakunja ndi lamkati, pakati pali mpata. Madzi akalowa lakunja safika mkati. Kamangidwe kameneko kanafala cha m'ma 1920 ndi 1930. Nyumba zakale ngati yathu khoma ndi limodzi, njerwa zokhazokha, pafupifupi masentimita 23 kunenepa kwake, ndipo anamanga ndi laimu, osati simenti. Laimu amamwa madzi koma amawabwezanso kunja kukayera. Khoma lotere limapuma, anatero. Tsono mwini wake wina wakale, pofuna kuteteza, anamata khoma lakumbali ndi simenti yolimba n'kupakapo penti wosalowa madzi. Simentiyo inang'ambika timing'alu tating'ono. Madzi amalowa pa timing'alupo, koma potulukira palibe, ndiye amatulukira mkati, kuchipinda kwanga. Anagogoda pulasitalayo ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, ndipo pena pankalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti anasiyana kale ndi njerwa.

Ndinakumbuka nyumba ya agogo anga ku Mulanje, ya njerwa zosawotcha, yozira ndi dothi. Inakhala zaka zambirimbiri mvula ya ku Mulanje ikugwa mmene imagwera muja. Amalume atapeza ndalama anaimata simenti kuti ioneke yamakono, ndipo sipanapite nthawi pulasitala anayamba kugwa zibenthuzibenthu, khoma lili chinyowere mkati. Tonse tinkati mmisiri anaba simenti.

M'nyumba anatulutsa kachipangizo ka mano awiri kofanana ndi ka mnzake uja. Ndinamufunsa ngati nakonso kalira. Anaseka, n'kukagunditsa pa dzanja lake, kakulira. Anati kameneka kanapangidwira matabwa. Kamayeza mmene magetsi akudutsira, ndiye pakhoma kamalira kakapeza mchere m'pulasitala, kapena pepala lokhala ndi chitsulo, ngakhale khomalo litauma. N'kothandiza kukulozera poyang'ana, koma sikangakuuze kumene madzi akuchokera. Sanamunene mnzakeyo kuti ndi wakuba. Anangoti munthu wogulitsa mankhwala opopera m'khoma amaona chinyontho cha m'nthaka paliponse. Chinyontho chokwera kuchokera pansi chilipo ndithu, koma kawirikawiri sichipitirira mita imodzi, ndipo nyumba yathu inali ndi mzere wake wa sileti m'munsi mwa khoma wotchinga madzi, umene anandionetsa atakanda pang'ono.

Kenako panabwera mbali imene sindinkafuna kumva. Anaika kowerengera chinyezi pa tebulo la kuchipinda ndipo kanaonetsa 78 peresenti. M'nyumba mumafunika kukhala pakati pa 40 ndi 60. Analoza kamera yoona kutentha pakona ija, chithunzi chinatuluka chabuluu wakuda. Anandifunsa ngati ndinaonapo botolo lochokera mufiriji likuchita thukuta patebulo. Madziwo satuluka m'botolo, ndi a mumpweya, amasanduka madontho akakhudza chinthu chozizira. Chipinda chikakhala pa madigiri 20 ndipo chinyezi chili 60 peresenti, chilichonse chozizira kufika madigiri 12 chimachita thukuta. Khoma lonyowa limazizira kuposa louma, ndipo kuseri kwa wodiropu mpweya suyenda. Choncho khomalo linkanyowa mbali zonse ziwiri: mvula kunja, ife mkati.

Ifeyo ndithu. Nyemba zobwata maola atatu popanda chivundikiro. Nsima kawiri patsiku. Anthu asanu osamba madzi otentha m'bafa limene fani yake inafa kalekale. Yunifomu zanga zoyanika pa hita. Ndinamva nkhope ikutentha, ndipo ndinayamba kudziteteza kuti ine ndimakolopa tsiku lililonse. Anandiyang'ana modabwa. Anati ukhondo sukukhudzana nazo, ndipo kukolopa kwambiriko n'kuwonjezera madzi. Anthu ayenera kuphika, kusamba ndi kuchapa, nyumba ndiyo iyenera kukhala ndi potulutsira nthunzi. Yathu inali nazo kale: chumuni m'chipinda chilichonse, mawindo olowa mphepo, njerwa zamabowo pansi pa khoma zopititsa mpweya kunsi kwa matabwa apansi. Zaka zikupita, chumuni anatseka, mawindo anaika apulasitiki osadutsa ngakhale kamphepo, ndipo njerwa zamabowo ziwiri zinakwiririka pamene wina anathira konkire kuseri. Yachitatu ndi imene ndinatseka ndekha ndi nsanza.

Ndinamufunsa ngati tiyeze kuti tidziwe mtundu wa chuku, poti pa intaneti anthu amaopseza za chakuda. Anati mtundu wa maonekedwe sunena zambiri, ndipo chilichonse chimene chikuoneka chiyenera kuchoka, kaya dzina lake ndi ndani. Anatchula mayina angapo, ndipo limodzi ndinalizindikira: Aspergillus. Ndi banja lomwe lija la chuku cha mtedza ndi chimanga chimene alangizi a zaulimi kwathu amachenjeza kuti chimawononga chiwindi. Kuchipatala timachidziwanso chifukwa chimavutitsa anthu a mphumu ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika.

Lipoti linabwera la masamba 14, ndi zithunzi, ndipo linasanja ntchito motsatana. Mfundo yake yaikulu inali yakuti tisayambe n'kuyeretsa. Tiyambe tatseka kumene madzi akuchokera, tidikire khoma liume, kukongoletsa kubwere pamapeto. Ngalande anakonza tsiku limodzi. Simenti ya khoma lakumbali inadikira mpaka Meyi, kutafunda, ndipo kupeza mmisiri wodziwa kumata ndi laimu kunali kovuta kuposa kupeza ndalama zake. Ambiri ankangoti tiikenso simenti, n'chimodzimodzi.

Ochotsa chuku anabwera awiri. Anamata pulasitiki pakhomo la chipinda ndi tepi, n'kuika makina okoka mpweya otulutsira pawindo, kuti fumbi lisafalikire nyumba yonse. Anavala zovala zoyera zophimba mpaka kumutu, magolovesi, ndi mamasiki a FFP3, omwe aja tinkalimbirana m'mawodi nthawi ya Covid. Ndinaima m'munsi mwa masitepe n'kumaganiza za mmene ine ndinkapalira khoma lomwelo ndi bulashi youma, nditavala chitenje, chitseko chili pululu, mwana akugona chipinda chinacho. Anandiuza kuti jiki amangoyeretsa pamwamba, mizu imatsala mkati mwa pepala ndi pulasitala, ndipo kupala pouma ndiye kumwaza mbewu. Pepala lonse linachoka, pulasitala wofumbutuka anagumula, kapeti ya m'mbali mwa khoma anaidula. Zonse zinatuluka m'matumba omanga pakamwa. Thabwa lakumbuyo kwa wodiropu linapita nawo, ndi sutikesi imene ndinabwera nayo kuno koyamba. Imeneyo ndinakangana nawo pang'ono, koma atanditsegulira nsalu yamkati ndinangoti tengani.

Khoma linatenga miyezi kuti liume. Bambo uja anali atatichenjeza kuti njerwa zimauma pafupifupi inchi imodzi pamwezi, ndiye tinakhala chilimwe chonse cha kuno tikugona moyang'anana ndi njerwa zosamata. Bambo a kwathu ankati tabwerera kumudzi.

Mu Seputembala 2023 boma la kuno linatulutsa malangizo onena momveka kuti eni nyumba asamaloze chala kakhalidwe ka alendi pa nkhani ya chinyontho ndi chuku. Ndipo kuyambira pa 27 Okutobala 2025, lamulo lotchedwa dzina la Awaab likukakamiza makhonsolo ndi mabungwe obwereketsa nyumba zotsika mtengo ku England kufufuza dandaulo lalikulu la chuku pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Ife sililikutikhudza poti nyumba ndi yathu, koma ndimauza aliyense wa kutchalitchi amene ali m'nyumba zoterezi kuti alembe kalata, ajambule zithunzi, asunge deti. Amayi awiri anandikokera pambali padera, aliyense payekha, kunong'ona kuti nawonso kwawo kuli chomwecho ndipo sanauzepo munthu.

Masiku ano nyemba zimabwata zitavundikiridwa, fani ya kukhitchini ikulira. Zovala zimauma m'kachipinda kamodzi kotseka ndi dehumidifier, makina oyamwa chinyezi mumpweya, ndipo madzi amene ndimakhuthula m'thanki yake m'mawa amandidabwitsabe. Wodiropu yatsopano ili kukhoma la pakati pa zipinda, ndipo ndinasiya mpata wolowa dzanja kuseri kwake. Kowerengera chinyezi kali pawindo, lero m'mawa kanali pa 54. Mwana uja inhela yopopera mankhwala a chifuwa akadali nayo, koma imatha miyezi ili m'chikwama cha kusukulu.

Bulauzi ija sinayere. Ndinainyika, kuichapa katatu, madontho anangosanduka otuwa. Nditawauza amayi pafoni nkhani yonseyi, ya laimu, ya ngalande, ya kamera, anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anafunsa kuti, "Nanga wodiropuyo unkaisuntha kangati posesa?" Bulauzi yatsopano anandisokera kwa telala wawo wa ku Chitakale, inabwera ndi munthu mu Ogasiti.