Inde ndinaomba m'manja, koma sindinavine

Popeza nkhaniyi yafika kale mpaka ku Domwe, ndipo ena mwayamba kunditchula a Kalilole pa WhatsApp, ndisiyeni ndiikambe ndekha musanawonjezere mchere wina. Za kuomba m'manja ndikuvomera. Za kuvina ndi bodza la madala olondera pa ofesi pathu, pomwe amene anadumpha ndi iwowo.

Seva ya pa ofesi yathu ya alimi a mbatatesi ku Ulongwe imayakira pa madisiki awiri amene ndinawamanga pa RAID 1, njira yotchedwa kalilole. Chimene chalembedwa pa imodzi chimalembedwanso pa inzake nthawi yomweyo. Nzeru yake ndi yakalekale: usanakweze pulogalamu yoyendetsa makina, umazula disiki imodzi n'kuisunga pambali. Zikasokonekera umabwezeretsa yosungidwayo, makina n'kudzuka mmene analili dzulo. Pulogalamu yathu yotereyi, Ubuntu 20.04, inasiya kulandira zigamba zaulere zachitetezo mu 2025, ndiye Lachisanu lina madzulo, kunja kukuzizira mwa Angónia, ndinati lero tikwera pa 22.04.

Disiki yachiwiri ndinaizula n'kuikulunga m'chipewa changa chaubweya. Kenako ndinachita chimene chikundipweteka mpaka lero. Ndinakweza chipewacho m'mwamba n'kuuza a chefe kuti, "Ofesi yonse ili muno, bwana. Pitani mukagone."

Anapita. Ntchito ili pakati, magetsi anathima, ife a m'chigawo chomwe muli damu lalikulu lamagetsi la Cahora Bassa. UPS, batire yogwirizira makina magetsi akathima, inalira ngati mwanapiye wosochera kwa mphindi zinayi n'kumwalira. Magetsi atabwera, seva inadzuka mwa theka ngati munthu wa matsire: netiweki kulibe, pulogalamu yolembera matumba a alimi yosayaka, koma pongolemba malamulo pokha.

Mtima sunagunde ngakhale pang'ono. Ndinazula yodwalayo, ndinavula chipewa, ndinalowetsa yabwino ija. Makina anayankha mwachidule kuti sakuona poyambira. Apa m'pamene ndinakumbuka kuti GRUB, kapulogalamu kodzutsa makina, ndinakaika pa disiki yoyamba yokha. Kalilole amakopera zipinda za disiki zimene unam'patsa, koma kamalo ka kumayambiriro komwe GRUB amakhala sakakhudza. Umafunika kukaikako wekha, lamulo la mzere umodzi. Nyumba inali yonse, mphasa ndi mbale zomwe, koma womanga ndinaiwala chitseko.

Ndiye ndinaganiza mwanzeru za pakati pa usiku. Yodwala ili ndi chitseko, yabwino ili ndi katundu. Bwanji zonse zilowe, zikathandizane? Ndinalowetsa zonse ziwiri. Seva inayaka. Nditayang'ana mu /proc/mdstat, momwe mumaoneka mmene kalilole alili, ndinaona U imodzi ndi kamzere m'malo mwa ma U awiri, kusonyeza kuti disiki ina yatsala kunja. Zinandimvetsa chisoni. Ndinalemba mdadm --add, kulamula pulogalamu yoyang'anira kalilole, kuti nayo ilowe m'banja.

Pa sikirini panatuluka kamzere kakukwawa ndi manambala. Ndinaitana madala aja, anabwera ndi mbaula yawo ndi mbatata ziwiri zootcha. Ndinawafotokozera kuti, "Madala, mukuona apa? Yabwino ija ikuchiritsa yodwala." Anagwedeza mutu mwaulemu ngati ndawaonetsa mwana wobadwa kumene. Tinakoka mipando.

Abale anga, tinaonera kamzere kameneko maola awiri. Pa 12 peresenti tinali chete. Pa 30 madala anayamba kukalimbikitsa, "Tiye nazo, mwana wanga, usatope." Pa 50 tinagawana mbatata yachiwiri ngati nthawi yopuma ya mpira, ine ndikuwaphunzitsa kusiyana kwa RAID 0 ndi RAID 1, iwo akundifunsa ngati mdzukulu wawo angaphunzire ntchito imeneyi kwa ine. Ndinati abwere Lolemba. Pa 73 kanachedwa pang'ono, madala anasuntha mbaula kuti makina amveko kutentha, ine n'kuwaletsa ndi mawu aukatswiri. Pa 90 anavula chipewa chawo. Pa 99.9 kanaima ngati chapa yodikira munthu mmodzi womaliza kuti idzaze, tonse titaimirira, mpweya titaugwira. Kenako ma U awiri, ndendende. Ndinaomba m'manja. Madala anadumpha. Ndinajambula sikirini n'kutumizira a chefe nthawi ili 1 koloko usiku, ndi mawu akuti "Zatheka bwana."

Nditayatsanso seva, netiweki kunalibe. Pulogalamu ya matumba zii. Ndinakhala pansi, khungu la mbatata lili m'manja, nzeru zikubwera pang'onopang'ono ngati kamzere kaja. mdadm sadziwa kuti yabwino ndi iti. Amakhulupirira disiki imene yalembedwapo posachedwa, ndipo imeneyo inali yodwala ija. Yabwinoyo inagona m'chipewa usiku wonse, ndiye kwa iye inali yotsalira. Maola awiri onsewo tinkachemerera matenda akusamukira pa disiki yabwino, chidutswa ndi chidutswa, osasiyako ngakhale kamodzi.

"Achimwene," anatero madala, "ndiye tawina?"

Tsono inu amene mukuseka, tamverani. Kalilole uja anagwira ntchito yake bwino lomwe, ndipo anamumanga ndine. Madisiki awiri aja anafanana kotheratu. Zolemba za alimi sizinatayike, chifukwa zimakhala pa madisiki ena, ndipo amene anaganiza zozisiyanitsa ndinenso, koma zimenezo ku Domwe sizinafike. Chinapita ndi makonzedwe a zaka zinayi amene ndinkangowasunga m'mutu. Komanso ndani wa inu anayamba waganizapo bwino 11 koloko usiku wa mu June, mutu uli pamtunda chifukwa chipewa wafunditsa disiki?

Loweruka ndi Lamlungu ndinaikanso zonse kuyambira pachiyambi, GRUB pa madisiki onse awiri, kawiri kawiri. Lolemba m'mawa ndinali ndisanamalize, ndiye mayi osunga ndalama anatulutsa kope lawo lachikuto cholimba n'kumalemba matumba pamanja, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi osanena kanthu. A chefe anangofunsa ngati ofesi idakali m'chipewa.

Mdzukulu wa madala uja anabweradi. Ndinamutuma akagule mandasi.