Ndagula njinga yothamangira yakale kuno ku Salima

Abale, tsopano ndili ndi njinga yothamangira, ya mahandulo opindikira pansi ija. Ndi Raleigh yakale ya kaunjika, fulemu yake yachitsulo, timagiya tosinthira tili pa fulemu m'munsimu osati pa mahandulo. Yatsopano ndalama zake sindikanakwanitsa, komanso ndikungoyamba kumene.

Amene mukufuna kugula yotere, utoto usakukopeni. Ineyo ndinaitembenuza miyendo m'mwamba n'kuyang'ana molumikizira fulemu monse, makamaka pansi pa mapedulo pomwe dzimbiri limakonda kubisala. Ndinamasulanso chishalo kuti ndione ngati chikukwera ndi kutsika, chifukwa chikagwirana ndi dzimbiri ngakhale amakanika amatuluka nacho thukuta. Tcheni, mabuleki ndi zingwe zake musadandaule nazo, zimenezo n'zosintha.

Nkhani yaikulu ndi matayala. Njinga zambiri zakale zili ndi malimu a 27 inchi, pomwe zamakono ndi 700c. Pamaso zimaoneka zofanana, koma limu la 27 ndi mamilimita 630, la 700c ndi 622, ndipo tayala la uku silikhala uku. Matayala a 28 inchi omwe anzathu akabaza amagula pa Kamuzu Road salowanso. Werengani nambala ili m'mbali mwa tayala musanapereke ndalama, ndipo funsani kaye komwe mukapeze lina likatha.

Timatayala ta njingayi n'toonda, pamchenga wathu uno sitiyenda n'komwe. Koma pa tala wopita ku Senga Bay m'mawa, dzuwa lisanatenthe, imapepuka mpaka mtima kukoma. Alipo wopalasa mumsewu umenewu Loweruka? Tiyeni tizipitira limodzi.