Zimene ndaphunzira pa ntchito yoboola phiri la Rohtang

M'maphunziro athu a zomangamanga a chaka chino tinapatsidwa ntchito yosankha msewu umodzi wovuta kumanga n'kufufuza mmene unamangidwira, ndipo ine ndinasankha ngalande ya Atal ya m'chigawo cha Himachal Pradesh, kumpoto kwa dziko la India. Ngalandeyi ndi msewu wa magalimoto wautali makilomita 9.02, umene unabooledwa pansi pa mapiri a Pir Panjal n'cholinga cholambalala mpata wa Rohtang. Mpatawo uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,980 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo ngakhale makomo awiri a ngalandeyo ali pa mamita oposa 3,000, kutanthauza kuti woyenda m'kati mwake amakhala ali pamwamba pang'ono kuposa munthu amene waima pansonga ya Sapitwa ku Mulanje.

Chifukwa chomangira msewuwu n'chosavuta kumvetsa. Chaka ndi chaka chipale chofewa chinkatseka mpata wa Rohtang kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, ndipo nthawi yonseyo anthu a m'chigwa cha Lahaul, amene amalima mbatata ya kachewere ndi nsawawa, ankakhala opanda msewu wopita ku tauni ya Manali, moti munthu akadwala mwakayakaya ankadikira helikopita, imenenso sinkauluka nyengo ikaipa. Boma linalinso ndi chifukwa chake cha chitetezo, pakuti msewu umenewu ndi wopita ku tauni ya Leh, kufupi ndi malire a dzikolo, ndipo nkhondo ya ku Kargil ya mu 1999, ya pakati pa India ndi Pakistan, inaonetsa kufunika kwa njira yodalirika. Nduna yaikulu Atal Bihari Vajpayee inalengeza za ntchitoyi mu 2000, koma mwala wa maziko unaikidwa pa 28 Juni 2010, ndipo magalimoto anayamba kudutsa msewuwu utatsegulidwa pa 3 Okutobala 2020. Bungwe la boma la Border Roads Organisation ndi limene linayang'anira ntchito, pamene makampani a Strabag ndi Afcons ndi amene anakumba.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi chakuti mdani wamkulu wa ntchitoyi sanali chipale chimene aliyense ankachiona ndi maso, koma madzi obisika m'kati mwa phiri. Chipale chinali vuto lodziwika, lokhala ndi nyengo yake. Mpata ukatsekeka, anthu ogwira ntchito ku khomo la kumpoto, kufupi ndi mudzi wa Sissu, ankaimitsa ntchito chifukwa simenti, mafuta ndi chakudya sizikanawafika, ndipo akuluakulu ankadziwiratu zimenezi polemba ndondomeko. Koma kumbali ya kummwera, atakumba pafupifupi makilomita awiri, anakumana ndi malo amene ali pansi pa mtsinje wa Seri Nala, pamene thanthwe linasweka kalekale chifukwa cha kusuntha kwa nthaka. Kumeneko anapeza miyala yonyenyeka, mchenga ndi matope, zonse zodzaza madzi, ndipo akangotsegula pang'ono, zinthu zimenezi zinkakhuthukira m'ngalande n'kukwirira malo amene anali atakonza kale. Chigawo chimenechi n'chosakwana mamita 600, koma chinadya zaka pafupifupi zinayi. Ndikayerekeza mamita amenewa ndi utali wa msewu wonse, ndimaona kuti kagawo kakang'ono kamodzi ndi kamene kanasandutsa ntchito ya zaka zochepa kukhala ya zaka khumi.

Apa ndi pamene ndinamvetsa bwino njira yokumbira imene anagwiritsa ntchito, yotchedwa New Austrian Tunnelling Method. Mfundo yake ndi yakuti thanthwe lozungulira ngalande lingathe kunyamula gawo lalikulu la kulemera kwa phiri, bola lisaloledwe kusweka kopitirira muyeso. Motero amisiri amaboola mabowo, amaikamo zophulitsira miyala, amachotsa zibuma, kenako mosazengereza amapopera konkire pakhoma, amakhoma zitsulo zazitali m'thanthwe ndiponso amaika mauta achitsulo pamene pafunika. Akatero sangopitirira ayi. Amaika zizindikiro m'makoma ndi padenga n'kumayeza tsiku ndi tsiku kuti aone mamilimita amene khomalo lasunthira m'kati. Likamasuntha pang'onopang'ono mpaka kuima, amadziwa kuti phiri lakhazikika. Likamasuntha mowonjezereka, amawonjezera zochirikiza lisanagwe. Pamalo ofewa ngati a Seri Nala, amayamba alowetsa mapaipi achitsulo kutsogolo kwa denga, amapopera simenti yamadzi kuti ilimbitse nthaka, amaboola timabowo totulutsira madzi, ndipo amakumba kachigawo kakang'ono nthawi imodzi m'malo motsegula kukula konse kwa ngalandeyo.

Ife m'kalasi tinazolowera kuti mapulani amamalizidwa kaye, amasainidwa, ndiyeno womanga amangotsatira. Pa mlatho kapena pa nyumba zimenezi n'zotheka, chifukwa chitsulo ndi simenti timazisankha tokha ndipo mphamvu yake timaidziwa. Koma pansi pa phiri, pamene malo ena ali ndi miyala yokwana mamita pafupifupi 1,900 pamwamba pa denga, palibe amene angaboole mabowo ofufuzira okwanira kuti adziwe zonse asanayambe. Katswiri wa miyala amaona thanthwe lenileni pokhapokha litaphulitsidwa, ndipo chimene waona m'mawa umenewo ndi chimene chimasankha kuchuluka kwa zitsulo zoti ziikidwe masana. M'maganizo anga, kusintha mapulani m'kati mwa ntchito yotere si chizindikiro cha kusakonzekera, koma ndi mbali ya luso lenilenilo. Ndikuonanso kuti mgwirizano wa pakati pa boma ndi kampani uyenera kunena momveka kuti ndani adzalipira nthaka ikapezeka yoipa kuposa mmene ankayembekezera, apo ayi mikangano ya ndalama ingaimitse ntchito nthawi yaitali kuposa madzi.

Mbali ya chitetezo inandiphunzitsa chinthu china. Ngalande zambiri zazitali zimakhala ndi ina yaing'ono pambali yothawiramo moto ukabuka, koma ku Rohtang njira yothawira anaimanga pansi pa msewu weniweniwo, m'ngalande imodzi yomweyo, ndipo pali makomo olowera kumeneko pa mamita 500 alionse. Kuganiza kotereku kunawapulumutsa ku ntchito yoboolanso kachiwiri malo oipa aja. Kunja nako anafunika kumanga madenga olimba ndi zotchinga m'misewu yofikira kumakomo, chifukwa ngalande imene khomo lake lakwiririka ndi chigumukire cha chipale ilibe phindu kwa wodwala wa ku Lahaul.

Okumba a mbali ziwiri anakumana mu Okutobala 2017, ndipo panapitanso zaka zitatu akuika konkire womaliza, makina opopera mpweya, magetsi ndi zozimitsira moto. Lero mtunda wa pakati pa Manali ndi Keylong, tauni ya ku Lahaul, unafupika ndi makilomita pafupifupi 46, ndipo woyenda amapulumutsa maola angapo. Komabe msewu wopita ku Leh umatsekekabe m'nyengo yozizira, chifukwa kutsogolo kuli mipata ina yaitali kuposa Rohtang, monga Baralacha La, ndipo magalimoto a alendo amene tsopano amakhamukira ku Sissu abweretsa zinyalala ndi kuthithikana kumene chigwacho sichinkakudziwa. Gawo lotsatira la lipoti langa likhala pa kayendetsedwe ka mpweya m'ngalandeyi, chifukwa pamtunda wa mamita 3,000 mpweya ndi wopepuka, injini zimatulutsa utsi wambiri, ndipo masamu amene tinaphunzira a misewu ya kuchigwa ayenera kuwerengedwanso mwatsopano.