Hadi yanga inapsa ili pabulangete

Nkhani ya ma external iyi, mahadi osungira mafayilo omwe timalumikiza kunja kwa kompyuta, ndikaikumbukira mtima umandiwawabe, chifukwa ndinatayapo zithunzi za mwana wanga kuyambira tsiku lomwe anabadwa. Hadi yanga ndinkakonda kuigoneka pabedi, pabulangete penipeni, n'kuisiya ikukopa mafayilo usiku onse, laputopu ili pambali ikuipemerera mpweya wake wotentha uja. M'mawa wina kuigwira chonchi, ayi ndithu inali yootcha, kenako inayamba kulira kuti tiki tiki tiki, basi kompyuta osaionanso mpaka lero.

Anthu ambiri sitidziwa kuti mkati muja muli timbale tomwe timazungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi imodzi, ndiye kamota kakamathamanga choncho kwa maola ambiri kutentha kumabwera basi, pomwe kesi yapulasitiki ija simatulutsa kutenthako msanga, imangokusunga momwemo. Opanga ambiri amalemba kuti malire ndi madigiri 55 kapena 60, koma ine sindidikira kuti ifike kumeneko, ikangodutsa 45 ndimaipumitsa. Pa Windows pali pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo, imawerenga SMART ya hadiyo, zomwe hadi imalemba yokha za momwe ikugwirira ntchito, n'kukuonetsani madigiri ake pompo. Ikani chonde, ndi kanthu kakang'ono.

Hadi yanga yatsopano ndimaisamala ngati khanda. Imakhala patebulo, kutali ndi mbali yomwe laputopu imatulutsira mpweya, ndipo ndinaika zitsekerero za botolo zinayi pansi pake kuti mphepo izidutsa kunsi. Ndikamakopa zinthu zambiri monga mavidiyo ndimayatsa kafani ka USB kaja n'kukalozetsa pomwepo, pakangopita mphindi zochepa manambala amayamba kutsika ndikuona. Kusanjikiza mahadi awiri pamodzi ndinasiya, amatenthetsana. Ngati mukugula kesi sankhani ya aluminiyamu, ikamamveka yofunda m'manja musaope, ndiye kuti ikutulutsa kutenthako kunja.

Koma chomwe ndikupempha, musaiike mufiriji. Ndinamvapo wina akulangiza zimenezi ndipo ndinadandaula kwambiri, chifukwa mukaitulutsa imachita thukuta ngati botolo la madzi ozizira, chinyontho chija n'kufika pa bodi ya zamagetsi ya mkati mwake, ndiye mwaipha nokha. M'galimoto yoima padzuwa namonso ayi, ngakhale itazimitsidwa.

Zithunzi za mwana pano ndimasunga pa mahadi awiri osiyana. Pomwe ndikulemba pano imodzi ikukopa, ili pa 38, kafani kakupemerera pambali.